Kusanja timu mu Out of the Park Baseball: yambirani pa mayina 40

Mu sizoni yanga yachinayi pa gemu ya Out of the Park Baseball ndinataya woponya mpira wamanzere yemwe ndinamulera ndekha kuchokera m'matimu a achinyamata. Sanavulale, ndipo sindinamugulitse. Ndinkangofuna kumutsitsa ku Triple-A, timu yaing'ono yoyandikana kwambiri ndi timu yaikulu, kwa masabata awiri kuti ndipeze malo a munthu wina. Gemu inandichenjeza kuti mnyamatayo ayenera kudutsa kaye pa waivers, pamene matimu ena amakhala ndi mpata womutenga, koma ndinadina kuvomera ndisanawerenge bwino. Patangopita masiku ochepa uthenga unafika wakuti timu ina yamutenga, ulele. Ma option ake onse atatu, zilolezo zomutsitsa popanda chiopsezo chotere, anali atatha, ndipo zinali zolembedwa poyera patsamba lake. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti sabata yomweyo ndinathera mausiku awiri ndikusinthasintha mndandanda wa omenya, uyu akhale wachiwiri, uyo wachisanu, ntchito imene phindu lake pa sizoni yonse silingafanane ndi mkono wabwino umene ndinautaya m'kudina kamodzi.

N'chifukwa chake malangizo awa akuyambira kumene ambiri amamalizira. Mndandanda wa omenya tifikako, koma pambuyo.

Kwa amene mwangoyamba kumene: gemuyi inalembedwa ndi Markus Heinsohn wa ku Germany, inatuluka koyamba mu 1999, ndipo imatuluka yatsopano chaka ndi chaka. Simugwira ndodo kumenya mpira nokha ayi. Ndinu mkulu wa timu: mumalemba osewera ntchito, mumawakweza, mumawatsitsa, mumasankha amene alowe m'bwalo lero. Mukasankha ligi ya MLB, malamulo amene gemu imatsata ndi a ligi yeniyeni ya ku America ndi Canada. Timu iliyonse imasewera magemu 162 kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Seputembala, pafupifupi tsiku lililonse. Amene tinazolowera mpira wa miyendo, wosewera kamodzi kapena kawiri pa sabata, apa m'pamene timasochera. Mu baseball simusanja timu ya Loweruka. Mumasanja anthu oti apirire miyezi isanu ndi umodzi.

Musanayendetse tsiku ngakhale limodzi

Lowani m'makonzedwe a manejala, pamene gemu imafunsa ntchito zimene mugwire nokha ndi zimene muzisiyire kompyuta. Mindandanda ya tsiku ndi tsiku ya matimu aang'ono, Double-A (ya pansi pa Triple-A) kutsika m'munsi, isiyireni kompyuta, apo ayi mutopa Epulo asanathe. Koma kukweza ndi kutsitsa osewera pakati pa Triple-A ndi timu yaikulu, kuika munthu pa waivers, ndi chilichonse chokhudza mayina 40 (mndandanda waukulu wa osewera a timu), musapatse wina aliyense. Kompyuta imaona za lero zokha. Ikhoza kukuikirani mwana wazaka 21 pa mndandanda wa 40 chaka chathunthu nthawi isanakwane, n'kuyamba kumudyera ma option pachabe.

Kenako uzani gemu kuti iziima yokha wosewera wanu akavulala. Mukayendetsa sabata yathunthu popanda chimenechi, mudzapeza kuti shortstop wanu, wotchinga pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu (ma base ndi malo amene womenya amathamangirako akamenya mpira), anavulala Lachiwiri ndipo masiku asanu otsatira pamalo pake pankaima munthu amene sanasewerepo pamenepo chibadwire. Yatsaninso kusunga gemu pakokha. Magetsi akathima muli pakati pa Julayi osasunga, mudzamvetsa chifukwa chake ndatchula kanthu kakang'ono aka.

Mayina 40 ndi nkhani ya ma option

Timu ya MLB ili ndi mindandanda iwiri. Wa osewera 26 ndi wa amene angalowe m'bwalo lero. Wa osewera 40 ndi waukulu: muli 26 aja, kuphatikiza ena amene ali m'matimu aang'ono kapena ovulala kwa masiku ochepa. Munthu sangakwere ku timu yaikulu asanalowe pa 40, ndipo 40 ikadzaza, kuti wina alowe wina ayenera kutuluka.

Tengani pepala lenileni ndi cholembera. Lembani mayina onse 40, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani zinthu zitatu: ma option otsala, zaka zimene wasewera mu ligi yaikulu, ndi chaka chimene kontrakiti yake ithe. Gemu imaonetsa zonsezi, koma m'masamba osiyanasiyana, ndipo diso limadumpha. Pepala langa limakhala pansi pa laputopu sizoni yonse, lodzaza ndi zofufuta.

Option ndi chilolezo chotsitsa wosewera wa pa 40 kupita ku timu yaing'ono popanda kupatsa matimu ena mpata womutenga. Ambiri amaganiza kuti option imodzi ndi ulendo umodzi. Si choncho. Option ndi chaka. Wosewera amakhala nazo zitatu, ndipo imodzi imatha akakhala kumunsi masiku 20 kapena kuposerapo mu sizoni imodzi. M'chaka chimenecho mukhoza kumukweza ndi kumutsitsa kangapo. Malamulo a MLB kuyambira 2022 amalola kasanu. Mukamutsitsa, sabwerera msanga: womenya amakhala kumunsi masiku osachepera 10, woponya masiku 15, pokhapokha ngati akubwera kudzalowa m'malo mwa wovulala. Ndipo amene wakwanitsa zaka zisanu mu ligi yaikulu ali ndi ufulu wokana kutsitsidwa, ngakhale ma option atatsala.

Ma option akatha, njira yotsitsira munthu imakhala imodzi, yodutsa pa waivers. Mumamuchotsa pa 40, chimene gemu imalemba kuti DFA, ndipo muli ndi masiku asanu ndi awiri oti mumugulitse kapena mumuike pa waivers. Pamenepo timu iliyonse ikhoza kumutenga, ndipo zimene zili pansi pa tebulo ndizo zimayamba kusankha. Akapanda kutengedwa mukhoza kumutumiza kumunsi, koma amene wasewera zaka zitatu, kapena amene anachotsedwapo kale motere, akhoza kukana n'kudzipitira.

Mukamaliza kulemba, ikani chizindikiro pa onse amene ma option awo atha. Amenewa muwaganizire tsopano, mu Marichi, pa nthawi ya magemu okonzekera. Aliyense wa iwo mudzifunse: kodi ndikhala naye pa 26 sizoni yonse? Ngati yankho ndi ayi, mugulitseni lero mtengo udakalipo. Mu Juni, mutapanikizika, matimu ena adzangodikira kuti mumutaye.

Chinthu china: musadzaze 40 yonse pa tsiku loyamba. Siyani malo amodzi kapena awiri. Pa waivers pamadutsa anthu ooneka bwino sabata iliyonse, ndipo mtima umafuna kutola aliyense. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Aliyense amene mwatola akutseka malo a mwana amene mudzafunika kumuteteza mu Novembala.

Kusankha 26

Malamulo amalola oponya osapitirira 13. Matimu ambiri amadzaza onse 13: asanu oyamba magemu, asanu ndi atatu a mu bullpen, amene amalowa woyambayo akatopa. Otsala 13 ndi omenya. Kuyambira 2022 ligi zonse ziwiri, American ndi National, zimagwiritsa ntchito DH, womenya amene satchinga m'bwalo, choncho oyamba ndi asanu ndi anayi ndipo pa benchi pamatsala anayi okha.

Anayi amenewa musawasankhe poyang'ana amene amamenya bwino kuposa anzake. Mu baseball wotuluka sabwereranso, choncho benchi ndi yotseka mabowo. Woyamba ndi catcher wachiwiri, wowakha mipira ya woponya kumbuyo kwa womenya. Uyu palibe kukambirana. Wachiwiri akhale woti akhoza kuima pa shortstop, chifukwa wodziwa pamenepo amatha kuimanso pa base yachiwiri ndi yachitatu, pamene wa pa base yachitatu nthawi zambiri sakwanitsa pa shortstop. Wachitatu akhale wothamanga woti akhoza kuima pa center field, pakati pa mbali yakutali ya bwalo, pa chifukwa chomwecho. Wachinayi yekha ndiye mungasankhe chifukwa cha ndodo yake, ndipo akhale womenyera dzanja limene oyamba anu akusowa.

Tsegulani tsamba la wosewera aliyense muone manambala a malo amene amatha kuima. Ngati mwasankha sikelo ya 20 mpaka 80, imene anthu ofufuza osewera mu baseball amagwiritsa ntchito, 50 ndi wapakatikati mu ligi yaikulu. Pa shortstop, center field ndi catcher, ine ndimalolera womenya wofookerapo malinga akhale wotchinga weniweni. Mipira imene shortstop waulesi amaiphonya siilembedwa ngati zolakwa zake. Imangooneka ngati oponya anu aipiraipira, ndipo mumayamba kusintha oponya pomwe vuto lili kumbuyo kwawo. Pa base yoyamba, left field ndi DH m'pamene mungabise munthu wolemera miyendo wokhala ndi mphamvu.

Musakhulupirire nyenyezi kapena nambala imodzi yaikulu ya pamwamba pa tsamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani pansi muone zigawo zake: kukhudza mpira, mphamvu, diso losankha mipira, kupewa ma strikeout (kutulutsidwa pophonya mipira itatu), komanso thupi lake ngati lili lolimba kapena losachedwa kuvulala. Kumbukiraninso kuti manambalawa ndi maganizo a wofufuza wanu, ndipo amalakwitsa, makamaka pa ana. Gemu imakupatsani maganizo achiwiri a OSA, gulu la ofufuza la gemuyo. Awiriwa akasiyana kwambiri pa munthu mmodzi, yang'anani zimene wachita m'bwalo zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi.

Mu bullpen muonetsetse kuti awiri kapena atatu ali ndi ma option. Padzafika sabata imene gemu ina idzapitirira ma inning (zigawo za gemu) asanu ndi anayi, mawa lake woyamba adzamenyedwa msanga, ndipo bullpen yonse idzakhala yotopa. Pamenepo mumatsitsa wotopa mmodzi n'kukweza mkono watsopano kuchokera ku Triple-A. Onse asanu ndi atatu akakhala akuluakulu osatsitsika, mulibe pothawira.

Tsopano mndandanda wa omenya

Omenya amabwera motsatana, woyamba mpaka wachisanu ndi chinayi, n'kuyambiranso. Gemu ikamatha, mzere umadukira penapake, choncho a pamwamba amapeza mipata yambiri. Kutsika malo amodzi kumachotsera munthu mipata pafupifupi 18 pa sizoni, kutanthauza kuti woyamba amamenya maulendo oposa 140 kuposa womaliza. Mfundo yaikulu ndi yomweyi: omenya bwino akhale pamwamba.

Kale makochi ankaika wothamanga kwambiri poyamba, wodziwa kugogoda mpira pang'ono kachiwiri, ndipo katswiri wa timu kachitatu. Amene anawerengera bwino nkhaniyi anapeza kuti malo ofunika kwambiri ndi oyamba, achiwiri ndi achinayi. Wachitatu amabwera kawirikawiri ma out awiri (omenya otulutsidwa; atatu amathetsa mpata wa timu womenya) atachitika kale pa ma base palibe munthu, choncho ndodo yake imapita pachabe nthawi zambiri kuposa mmene timaganizira. Lero matimu ambiri a MLB amaika katswiri wawo kachiwiri.

Chitani motere. Sankhani omenya anu atatu opambana. Mwa iwo, amene amafika pa base kawirikawiri, wa OBP yapamwamba, akhale woyamba, ngakhale asakhale wothamanga. Wamphamvu kwambiri akhale wachinayi. Wabwino pa zonse akhale wachiwiri. Awiri otsatira adzaze malo achitatu ndi achisanu. Otsalawo atsike malinga ndi luso lawo. Wothamanga wanu wosafika pa base kawirikawiri amakhala bwino kachisanu ndi chimodzi kapena kumapeto, kumene kuba base kumathandiza omenya ofooka obwera pambuyo pake.

Gemu imakupatsani mindandanda yosiyana, wina wokumana ndi woponya wamanja, wina wokumana ndi wamanzere. Dzazani yonse iwiri, ndipo musangokopera umodzi. Womenyera kumanzere amaona bwino mpira wa woponya wamanja, ndipo ambiri a iwo amavutika akakumana ndi wamanzere mnzawo. Pa tsamba la wosewera pali manambala olekanitsa mbali ziwirizi. Apa pali phindu lenileni, loposa la kusintha malo: osewera awiri apakatikati, wamanzere woyamba pokumana ndi amanja ndi wamanja woyamba pokumana ndi amanzere, akhoza kukupatsani zofanana ndi za munthu mmodzi wodula. Dziwani kuti oponya amanja ndiwo ambiri, choncho wamanzereyo ndiye adzasewere magemu ochuluka, ndipo mnzakeyo akhale munthu wosadandaula kukhala pa benchi.

Musaunjike amanzere atatu motsatana. Kuyambira 2020 woponya wolowa ayenera kukumana ndi omenya atatu kapena kumaliza inning asanachotsedwe. Mukaika amanzere atatu pamodzi mwakonzera mdani ntchito: alowetsa wamanzere wake mu inning yachisanu ndi chitatu n'kuwadula onse. Mukalowetsa wamanja pakati, mmodzi mwa atatuwo adzamuvutitsa.

Mukamaliza, usiyeni mndandandawo. Izi ndizo zimavuta kwambiri. Katswiri wanu adzayamba Epulo osamenya kanthu m'mipata 40, ndipo wa pa benchi adzatentha sabata imodzi. Mipata 40 siinena chilichonse. Ine sindisuntha munthu chifukwa cha zotsatira mpaka atadutsa mipata 150 kapena 200, ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndafunsa ngati manambala a luso lake atsika kapena ngati akusewera ndi bala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kupumitsa anthu

Pafupi ndi mndandanda pali tsamba la depth chart, pamene mumalemba wolowa m'malo pa malo alionse ndi nthawi imene ayambe gemu. Ambiri amalisiya lopanda kanthu. Lidzazeni pa mindandanda yonse iwiri. Catcher amanjuta ma inning asanu ndi anayi tsiku lililonse ndipo amatopa msanga kuposa onse. Wachiwiri wake aziyamba gemu imodzi mwa zinayi kapena zisanu. Kwa enawo mukhoza kusankha kuti wolowa m'malo ayambe mwini malo akatopa. Achikulire opitirira zaka 33, ndi onse amene thupi lawo lalembedwa kuti ndi losachedwa kuvulala, ndimawapatsa tsiku lokhazikika lopuma, kapena ndimawaika pa DH kamodzi pa sabata kuti ndodo ikhalebe m'mndandanda miyendo ikupuma. N'chifukwa chake sindikonda kupatsa malo a DH kwa munthu mmodzi sizoni yonse, pokhapokha akhale womenya woopsa.

Oponya

Oyamba asanu amasinthana, aliyense amayamba magemu pafupifupi 32 pa sizoni. Posankha, musayang'ane ukali wa mpira wokha. Woyamba amafunika mpweya wautali ndi mitundu itatu ya mipira yodalirika. Wa mitundu iwiri amanyenga omenya ulendo woyamba, koma akamakumana nawo kachitatu amakhala atamuwerenga. Ngakhale oponya abwino amafooka pa ulendo wachitatu umenewu, choncho kwa wachinayi ndi wachisanu wanu ikani malire a mipira yoponya, ndipo muuze kochi kuti asachedwe kuwachotsa. Mnyamata wa mitundu iwiri yakuthwa, malo ake ndi mu bullpen.

Khalaninso ndi woyamba wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri ku Triple-A, ali kale pa 40, ali ndi ma option. Sindinamalizepo sizoni ndi asanu amene ndinayamba nawo.

Mu bullpen gemu imafuna mupatse aliyense udindo: wotseka gemu, omukonzera njira, apakati, ndi wautali woti amalize ma inning atatu zinthu zikaipa msanga. Chizolowezi ndi chosunga wabwino kwambiri mpaka inning yachisanu ndi chinayi. Ine sindigwirizana nacho kwenikweni. Gemu imatha kupulumuka kapena kutayika mu inning yachisanu ndi chiwiri, anthu awiri ali pa ma base ndipo akatswiri a mdani akubwera. Wabwino kwambiriyo ndimamupatsa udindo wolowa pamene pali poterera, ndipo wachiwiri wake ndiye amatseka. Ngati oyamba anu ndi ochepa, pali njira imene Tampa Bay Rays inatchukitsa mu 2018, pamene Sergio Romo, munthu wa mu bullpen, ankayamba gemu kudzakumana ndi omenya oyambirira okha, kenako n'kusiyira woponya ma inning ambiri. Imagwira ntchito kamodzi pa masiku asanu. Kawiri kapena katatu, bullpen imapsa.

M'mawa uliwonse wa mu gemu yang'anani kutopa kwa bullpen. Amene waponya masiku awiri otsatana apume lachitatu, ngakhale mukufunitsitsa chipambano cha lero.

Munthu akavulala

Gemu ikaima ndi uthenga wa bala, werengani masiku. Bala laling'ono la tsiku ndi tsiku limalola munthu kusewera, koma luso limatsika ndipo akhoza kulikulitsa. Ngati ndi la masiku awiri kapena atatu, mukhazikeni pa benchi. Likapitirira sabata, musayende ndi benchi ya anthu atatu. Muikeni pa mndandanda wa ovulala, masiku 10 kwa womenya, 15 kwa woponya, ndipo kwezani wina wa pa 40.

Bala la miyezi iwiri kapena kuposa lili ndi mndandanda wake wa masiku 60, ndipo ubwino wake ndi wakuti munthuyo amachoka pa 40 kwa nthawiyo, malo n'kutseguka. Koma lembani pa pepala lanu lija kuti malowo ndi obwereka. Akachira adzawafuna, ndipo sizoni ikatha onse a pa mndandanda wa masiku 60 amabwerera pa 40 nthawi imodzi. Chaka china ndinali ndi anayi oterowo, ndipo mu Novembala ndinapezeka ndi anthu 44 pa malo 40.

Wochira pa bala lalitali musamuponye m'moto tsiku lomwelo. Mutumizeni kaye ku timu yaing'ono akayese thupi. Malamulo amalola masiku ofika 20 kwa womenya ndi 30 kwa woponya. Masiku amenewa amakupatsaninso nthawi yoganiza amene atuluke.

Kukweza mwana

Funso loyamba si lakuti wakonzeka kodi, koma lakuti adzasewera kodi. Mwana waluso wokhala pa benchi ya timu yaikulu sakula. Ngati mulibe malo oti ayambe masiku asanu pa sabata, asewere tsiku lililonse ku Triple-A.

Funso lachiwiri ndi la masiku. Masiku 172 pa timu yaikulu amawerengedwa ngati chaka chimodzi. Akakwanitsa zaka zitatu malipiro ake amayamba kukwera kudzera mwa oweruza nkhani za malipiro, ndipo akakwanitsa zisanu ndi chimodzi amakhala mfulu kupita kumene akufuna. Choncho kuchedwetsa mwana masabata awiri kapena atatu mu Epulo kumakupatsani chaka china chathunthu chokhala naye. Chicago Cubs inachita zimenezi ndi Kris Bryant mu 2015: inamukweza pa 17 Epulo, ndipo anamaliza sizoni ndi masiku 171, kuperewera limodzi lokha. Pa anthu enieni mchitidwewu sindiukonda, chifukwa umabera munthu chaka cha ufulu wake, ndipo mgwirizano wa 2022 wa ligi ndi osewera unayesa kuuchepetsa popatsa chaka chathunthu awiri oyamba pa mavoti a wosewera watsopano wopambana. Mu gemu, mukamayendetsa timu ya ndalama zochepa, muyenera kuwadziwa masamu amenewa. Ngati timu ikulimbirana malo ndipo mwanayo ndi wabwino kuposa amene alipo, ine ndimamukweza tsiku loyamba.

Julayi, Seputembala, Novembala

Kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti msika wosinthana osewera umatsekedwa. Masabata awiri usanatseke, tulutsani pepala lanu muone amene kontrakiti zawo zikutha ndi amene adzakhale opanda ma option chaka chamawa. Ngati timu ili kutali ndi mpikisano, amenewa ndiwo ogulitsa. Ngati mukugula, kumbukirani kuti aliyense wobwera akufuna malo pa 40. Ndipo amene mukufuna adzasewere magemu a chikho akhale ali kale m'manja mwanu pofika 31 Ogasiti.

Pa 1 Seputembala mndandanda wa 26 umakula kufika pa 28, oponya osapitirira 14. Malo awiriwa ndimapatsa mkono umodzi watsopano ndi catcher wachitatu kapena wothamanga wolowa kumapeto kwa gemu.

Ntchito yovuta kuposa zonse imabwera pakati pa Novembala, pokonzekera Rule 5 draft ya mu Disembala, pamene matimu amatenga ana osatetezedwa a matimu ena. Wosewera wa m'matimu aang'ono amene analembedwa ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo ayenera kulowa pa 40 pakatha masizoni asanu. Amene analembedwa ali ndi zaka 19 kapena kuposerapo, pakatha anayi. Mukapanda kumuika, timu ina ikhoza kumutenga pa madola 100,000, malinga imusunge pa timu yaikulu sizoni yonse. Ikalephera, imamubweza kwa inu pa theka la mtengowo. Umu ndi mmene Pittsburgh Pirates inapezera Roberto Clemente kuchokera kwa Dodgers mu 1954, ndi mmene Houston Astros inatayira Johan Santana mu 1999.

Gemu imaonetsa amene ali pa chiopsezo. Simungateteze onse, choncho ganizani ngati mdani. Amatenga munthu amene angathe kumubisa pa 26 chaka chonse: woponya wa mpira waukali woti akhale wachisanu ndi chitatu mu bullpen, catcher wotchinga bwino, wothamanga wa pa center field. Amenewa atetezeni, makamaka ngati afika kale ku Double-A kapena Triple-A. Womenya wa pa base yoyamba amene akadali ku Single-A, pansi pa Double-A, satengedwa kawirikawiri, chifukwa palibe timu ingamusunge pa benchi ya anthu anayi miyezi isanu ndi umodzi. Ameneyo musiyeni kunja chaka china, ma option ake asayambe kutha. Malo a otetezedwawo muwapeze pochotsa a mu bullpen azaka 30 amene munatola pa waivers m'kati mwa chaka, ndipo pa pepala latsopano la sizoni yamawa, pambali pa dzina la mwana aliyense amene mwangomuika, lembani 3.